Matenda Akula, Bwerani

Anthu amene ndinkawayang'anira pa ntchito anali m'mayiko anayi, ndipo ambiri a iwo ndinkangowadziwa mawu okha. Ofesi yathu inali ku Ginnery Corner, kuseri kwa magalaja, m'chipinda cham'mwamba chimene mawindo ake ankanjenjemera thiraki ikamadutsa. Tinkanyamula katundu wa anthu. Kontena ikatsika m'sitima padoko la Beira, ife tinkaonetsetsa kuti yafika ku Limbe, ku Lusaka kapena ku Harare mwini wake asanayambe kutukwana. M'mawa uliwonse tinkachita mitingi ya pa foni, aliyense ali kwawo, ndipo tsiku lonse tinkalemberana pa gulupu imodzi. Ine ndinali pakati. Pamwamba panga panali abwana a ku Joni, mayi wachizungu wobadwira ku Ulaya, amene ankabwera ku Blantyre mwa apo ndi apo n'kumadandaula fumbi.

Udindowo ndinaufuna ndekha, sindikana. Walira mvula walira matope. Wa akaunti wa ku Harare ankalankhula mosapsatira, akakubaya n'kumaseka yekha. Mkulu wa padoko ku Beira sankagwira foni nthawi ya nkhomaliro, ngakhale kontena itayaka moto. A ku Lusaka ankavomera zonse mwansangala, n'kukachita zawo. Amalawi anzanga ankangoti chabwino, mtima uli kwina. Tsiku lililonse ndinkatenga mawu a uyu, kuwachotsa minga, n'kukapereka kwa uyo. Madzulo ndikamakwera minibasi mutu unkachita kulira.

Abwana anali ndi nyimbo yawo imodzi: kunena zoona. Ankati pagulu pathu pasakhale kubisirana, chilichonse chizinenedwa poyera, nthawi yomweyo. Pa nkhani za makontena nyimboyo inali yabwino ndithu, inatichotsera mabodza ambiri a madalaivala.

Mmodzi mwa anthu anga anali bambo wina wa ku Soche, kalaliki wa mapepala a paboda. Anali wamkulu kwa ine, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa woyenda ndi mankhwala a bipi m'thumba la malaya. Ndinkawatchula achimwene. Mmene anapezekera ku Beira ndi nkhani yoseketsa, ngati muli ndi mtima woseka. Tsiku lina abwana anatisonkhanitsa pa malo ena ku Chichiri kuti tidziwane, aliyense anene kumene makolo ake anachokera. Achimwene ananena kuti agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki n'kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Abwana anaomba m'manja, maso ali waliwali. Pasanapite nthawi kunafunika munthu wokakhala ku Beira miyezi ingapo, iwo amvekere: "Tili naye kale wa komweko!"

Wa komweko! Munthu wobadwira mu Blantyre muno, Chipwitikizi chake chinali moni basi, Chilomwe cha agogo awocho ankangotolatola. Ine Msena wa ku Nsanje, amene chiyankhulo changa chimagula nsomba pamsika wa ku Beira, palibe anandifunsa. Nditanena, anati ine ndikufunika pakati. Mu ofesi anthu anawaseka achimwene sabata yonse: "Mukupita kumudzi, mukatipatsire moni agogo." Iwo ankangomwetulira, n'kupita.

Atakhalako miyezi iwiri kapena itatu, m'mawa wina anthu awiri anakwera masitepe athu. Mmodzi anali alamu awo, mchimwene wa akazi awo. Winayo anali mkulu wa kumpingo kwawo. Zipewa zinali m'manja, ndipo tiyi anakana. Ndinatseka chitseko.

Akazi a achimwene ankagulitsa kaunjika ku Limbe. M'mawa umenewo anagwa akumasula belo, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatsirizika kale. Ndinakhala pansi osadziwa kuti ndakhala. Mayi amene uja ankandisungira madiresi abwino pansi pa tebulo, n'kumanditumizira kudzera kwa amuna awo.

"Mayi," anatero alamuwo, "inu ndi amene mumalankhula nawo tsiku ndi tsiku. Tikaimba ife adzidzimuka. Muwauze kuti matenda akula, abwere. Zinazo tikawauza tokha. Bipi yawo mukuidziwa."

Sanafunike kundifotokozera. Kwathu kuno uthenga wa imfa suponyedwa ngati mwala kwa munthu amene ali kutali yekhayekha. Amauzidwa kuti matenda akula. Akafika amamukhazika pansi, wina kumanja wina kumanzere, madzi ali pafupi, ndiye amamuuza. Banjalo linali litachita kale mbali yake: ana anawaletsa kuimbira bambo awo foni, foni ya malemu anaithimitsa, anthu a kumpingo anawachenjeza kuti asalembe kanthu paliponse. Tinagwirizana kuti alamu ndi mkulu wa mpingoyo akawadikire paboda ya Mwanza, akawauze pomwepo, ndipo kuchokera apo chiwongolero agwire alamu. Ntchito yanga inali imodzi yokha: achimwene afike pa Mwanza asanauzidwe.

Ndinaimba ku Beira alendowo ali pomwepo.

"Achimwene, kwabwera uthenga wa kunyumba. Alamu anga, akazi anu, sakupeza bwino. Matenda akula, bwerani."

Ndinkamva makina a padoko akulira kumbuyo kwawo. Sanafunse kuti akudwala chiyani, sanafunse kuti ali chipatala chiti.

"Chabwino, mayi," anatero. "Nanga galimoto?"

Apo ndiye panali pamene panagona nkhani. Basi ikanawazungulitsa masiku, mathiraki athu amagona paboda. Chinalipo ndi pikapu ya kampani ya ku Beira, ndipo sitima inali itangofika, aliyense ali kalikiliki. Nthawi ya mitingi inakwana ndisanakonze kanthu, ndiye ndinangonena pomwepo kuti achimwene akufunika kunyumba, akazi awo adwala. Wa ku Harare anaseka.

"Amalawi inu! Mwezi uliwonse wina wadwala. Kodi kwanuko kuli munthu wabwinobwino?"

Achimwene anali pa foni pomwepo, akumva. Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi. Kukanakhala kuti munthu uja ali pafupi, ndikanamuswa ndi sitepula imene inali m'manja mwanga, Mulungu andikhululukire. Ndinangoti tipitirize.

Mitingi itatha ndinaimbira mkulu wa padoko uja payekha, n'kumuuza atuluke panja. Ndinasiya Chingerezi, ndinalankhula Chisena. Sindinamalize n'komwe. Anati pepani, nafenso kuno timatero, pakamwa panga patsekedwa. Makiyi anali wokonzeka kupereka, koma galimoto ya kampani sidumpha boda popanda chilolezo cha abwana a ku Joni, ndipo dalaivala wopatula analibe, onse anali pamzere wa sitima.

Ndinaimba ku Joni. Ndinayamba ndi matenda. Abwana anapepesa mwaulemu, n'kunena kuti sitima ili padoko, achimwene adikire kumapeto a sabata, pakadali pano azilankhula ndi wodwalayo pa foni. Ndinati matendawo ndi aakulu. Anati ndiwatumizire pepala la dokotala. Ndinayang'ana kudenga. Ndikanatani, abale? Ndikanaba galimotoyo? Ndinawauza zoona.

Anafuula, ndipo ndikhulupirira kuti analira ndithu. Si munthu wouma mtima ayi, ndicho chimandipweteka kwambiri. Anati galimoto atenge, mafuta athire, tchuthi atenge chimene akufuna. Kenako anafunsa: "Iyeyo akupirira bwanji?"

"Sanauzidwe, madamu."

"Mwati chiyani?"

Ndinafotokoza mwambo wonse, pang'onopang'ono, monga mmene ndinkafotokozera nkhani za paboda. Ndinanena za bipi, za msewu wautali, za anthu awiri amene akawadikire pa Mwanza. Mawu awo anasintha, anazizira.

"Ndiye kuti mukumunamiza munthu za mkazi wake. Inu, bwana wake. Ndani wakupatsani mphamvu yomusankhira zimene ayenera kudziwa?"

"Banja lake, madamu."

"Ndikanakhala ine, ndikanafuna kudziwa nthawi yomweyo."

"Koma si inu."

Kenako abwana anandiuza kuti bambo awo atamwalira iwo ali pasukulu, mayi awo anawabisira mpaka atamaliza mayeso, ndipo mpaka lero sanawakhululukire. Ndinawamvera chisoni, zoona. Ndinati pepani madamu, koma izi ndi zina, apa ndi tsiku limodzi lokha, ndipo si ine kapena inu woyenera kunena, ndi abale ake. Ndinawachonderera ngati mwana. Ine amene sindigwadira munthu, ndinapezeka ndagwada mu ofesi ndekhandekha, foni ili kukhutu. Ndinati angodikira mpaka mawa dzuwa likamalowa, akafika pa Mwanza alankhule zonse zimene akufuna.

"Sindikulonjeza," anatero. Chilolezo anatumiza.

Achimwene ananyamuka m'mamawa mwake. Monga amachitira madalaivala athu onse, ankalemba pa gulupu paliponse pamene afika. Ndadutsa Inchope. Ndafika Chimoio, ndikuthira mafuta. Ndikawerenga ndinkapuma pang'ono. Alamu anandiimbira kuti akwera kale minibasi ya ku Mwanza. Ine ndinavala chitenje n'kupita ku Soche kusiwa, poti sukhala mu ofesi pamene kwa munthu wako kwagwa zovuta.

Nyumba yawo ili chakumtunda, kumene msewu wa tara umathera, phiri lili pamutu penipeni. Amuna anali panja pa mabenchi a kumpingo, ife amayi m'nyumba pamphasa. Amvano ankaimba motsitsa. Ndinakhala pafupi ndi mwana wawo wamkazi wamkulu, mphunzitsi, amene anandigwira dzanja n'kunena kuti zikomo anti, mwatithandiza. Dzuwa litafika pamutu foni inanjenjemera m'chitenje. Ndinaganiza kuti ndi achimwene akunena pamene afika.

Chinali chithunzi cha kandulo. Pansi pake panali mawu ambiri a abwana, pa gulupu ya mayiko onse anayi. Anati ayesa kuimbira m'bale wathu koma foni sikulowa, ndipo mtima wawo sukuwalola kukhala chete. Anati ife ndife banja limodzi, ndipo m'banja mulibe kubisirana. Anati tonse tikulira naye pa imfa ya mkazi wake wokondedwa.

Mayo ine! Ndinatuluka m'nyumba muja ndikuponda miyendo ya anthu. Ndinaima kuseri kwa bafa n'kuimba ku Joni. Foni inaitana, inaitana, kenako kameseji: ali mu mitingi. Ndinafuna kufufuta, koma gulupuyo anaitsegula ndi iwo, mphamvu yofufuta za ena inali yawo yokha. Pamene ndikuvutika choncho anthu anayamba kuthira. A ku Lusaka, mzimu wawo uuse mumtendere. Madalaivala, pepani bwana. Wa ku Harare yemwe uja, woseka uja, anaika timanja topemphera mzere wathunthu. Mkulu wa ku Beira yekha ndiye analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti fufutani, fufutani, munthu ali pa msewu! Mawu akewo anakwiririka ndi makandulo ena.

Ndinatsegula poonera amene awerenga. Dzina la achimwene panalibe. Kupitirira Chimoio kuli malo aatali opanda netiweki, madalaivala amadandaula nawo nthawi zonse. Ine amene ndakhala ndikutukwana netiweki moyo wanga wonse, tsiku limenelo ndinaipempherera kuti ife, isadzukenso mpaka pa Mwanza. Ndinaimbanso ku Joni, ndinaimbira mlembi wawo, ndinalemba kuti chonde chotsani. Palibe anayankha. Ndinaimirira pamenepo, fungo la sopo ndi madzi oipa lili m'mphuno, maso ali pa foni.

Kenako dzina lawo linatulukira pakati pa owerenga.

Ndinaimba. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu inali yothima.

Alamu ndi mkulu wa mpingo anadikira pa Mwanza mpaka boda kutsekedwa. Anagona pomwepo, m'mawa n'kuyambanso kuyang'ana galimoto iliyonse. Anali dalaivala wathu wa thiraki amene anaiona pikapu ija tsiku lotsatira, chakufupi ndi Catandica. Inali yoimikidwa bwinobwino kunja kwa msewu, magalasi otseka, monga mmene achimwene ankachitira chilichonse. Anthu a pamenepo anamulozera kachipatala kakang'ono. Anati achimwene anawapeza dzulo lake atakhala pansi, atatsamira tayala, kamwa litapotoka. Anawafunsa m'Chipwitikizi, anawafunsa m'chiyankhulo cha kumeneko, munthu osayankha. Akanayankha chiyani, wa komwekoyo? Inali sitiroko. Mkulu wa ku Beira anasiya sitima yake padoko n'kuthamangira kumeneko yekha, ndipo ndidzamulemekeza mpaka kufa.

Madokotala anakana kuti asunthidwe msanga. A kuchikazi anadikira mmene akanathera, kenako atsibweni a malemu anati sangasunge mwana wawo mufiriji ngati nyama. Anakaika kumudzi kwawo ku Phalombe, mwamuna wake ali gone m'dziko la eni.

Ndinapita ku maliroko. Kumanda, itakwana nthawi ya mawu a banja, anaimirira alamu aja. Anathokoza a mpingo, anathokoza adzukulu, anathokoza amayi a pamsika wa Limbe. Kenako anati: "Ife tinapita ku ofesi ina ndi mawu awiri okha, tinawasiya m'manja mwa mayi wina amene tinkamuyesa mnzathu. Mayiyo anawatenga n'kukapereka kwa azungu. Lero mlamu wathu sali pano." Dzina sanatchule, panalibe chifukwa. Mitu yonse inatembenuka. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anakoka chitenje chake kuti chisakhudzane ndi changa. Pobwerera, mu lole imene ndinabwerera munalibenso malo anga.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa. Ndinalakwa chiyani ine? Galimoto ankaifuna, munthu ankamufuna, chilolezo chinali ku Joni. Akanakwera okha masitepe a ku Joniko akaone ngati kumapita munthu ndi mawu awiri. Koma pamaliro suyankha. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinangomeza, n'kuyenda wapansi kukafika pamsewu.

Nkhonya ina inandidikira ku ntchito. Abwana anandiimbira akulira. Anati sanagone, anati akanadziwa sakanalemba. Ndinayamba kufewa. Kenako anati komabe tiyenera kuona pamene vuto linayambira, ndipo linayambira pamene ine ndinasankha kubisa. Akanauzidwa ali ku Beira, anati, sakanakhala yekha pa chiwongolero. Ndinafunsa kuti ku Beirako akanamugwira ndani, m'kachipinda ka lendi, pakati pa anthu amene samva chiyankhulo chawo, kumene munawatumiza inuyo chifukwa cha agogo awo? Anati ndikulankhula ndi mkwiyo. Ndinati eya, ndi mkwiyo, mumafuna ndilankhule ndi chiyani? Zotsatira zake anandichenjeza chifukwa chosanena zoona kwa wantchito, ndipo anakhazikitsa lamulo loti uthenga uliwonse wa maliro uzidzera ku Joni.

Chinandinyansa koposa chinachitika pa msonkhano wa mamanijala a mayiko onse. Abwana anaitenga nkhani imeneyi n'kuisandutsa phunziro. Mayina anachotsa, eti, ngati kuti panali wina wosadziwa. Anati taonani zimene zimachitika chikhalidwe chikaima patsogolo pa choonadi. Wa ku Harare ankagwedeza mutu ngati mbusa. Anthu anaomba m'manja, tinapita kukamwa tiyi ndi masamusa. Ndinadya awiri, sindinama, njala inalipo.

Achimwene anabwera nawo ku Blantyre patapita milungu. Mwendo unabwerera pang'ono, dzanja lamanja ayi, ndipo kalaliki wa mapepala wopanda dzanja lamanja kampani ilibe naye ntchito. Anawapumitsa pa zifukwa za matenda. Ndipo poti ine ndi amene ndinali bwana wawo, ine ndi amene ndinatumidwa kukatenga foni ya kampani ndi makiyi a kabati. Ndinazengereza mpaka ku Joni kunabwera meseji yachitatu.

Ndinapita masana ena kukutentha. Mwana wawo mphunzitsi uja anatsegula chitseko, sananditchenso anti. Anangoloza kukhonde ndi chibwano. Achimwene anali pampando wa nsungwi, atavala malaya oyera otsekedwa mabatani mpaka m'khosi, dzanja lakufalo analigoneka pamwendo ngati mwana. Anaonda. Pa kampando ka pambali panali nsalu yatsopano ya ku Mozambiki, yobiriwira, ikadali m'pulasitiki yake.

Ndinawapatsa moni, ndinapepesa maliro. Mawu anga onse amene ndinakonza mu minibasi anathawa. Ndinangoyamba kufotokoza za galimoto, za chilolezo, za mmene ndinagwadira. Anakweza dzanja lamanzere kuti ndisiye. Ankalankhula mokoka, liwu lililonse ankachita kulinyamula.

"Mayi, musavutike. Ndinadziwa."

"Munadziwa chiyani, achimwene?"

"Mutangoti matenda akula. Ndine mwana ine? Kumpingo ndatumizapo uthenga womwewo kwa anthu angati?"

Ndinkaziganizira kuyambira tsiku lija sanafunse dzina la chipatala, koma tsopano ndinazimva m'kamwa mwawo. Ndinayang'ana nsalu ija.

"Ndinagula ku Beira madzulo ake," anatero. "Wogulitsa ndinamulozera ndi manja kuti ndi ya wodwala, azifunda kuchipatala. Nanenso ndinadziuza choncho. Mtima wina unkati, ukamufunditse m'bokosi. Ndinkaukaniza mtima umenewo. Ndinkati palibe wanena."

Anapuma, anapukuta malovu pakona pa mlomo ndi kansalu.

"Poti palibe ananena, ndinkayendetsa bwinobwino, mayi. Ndinkaimba nyimbo za kwaya. Ndinkadziwa kuti pa Mwanza ndikapeza anthu, ndikagwera m'manja mwawo. Ndinkangoti ndifike. Foni italira ndinaima, ndinkayesa ndi inu mukufunsa pamene ndafika."

Ndinalira pakhonde la eni ake ngati wofedwa ndine, ndipo mwana wawo anaima pakhomo osandipatsa ngakhale madzi.

"Kunangotsala Tete," anatero achimwene, akuyang'ana kuphiri. "Tete, kenako Mwanza."

Anatuma mwanayo kuti abweretse foni ndi makiyi. Anazilandira ndi dzanja lamanzere, n'kuyesa kukweza lamanjalo kuti andipatse ndi manja awiri monga mwa ulemu wawo. Linakana. Anangoziika pamwendo panga.

"Mukawauze abwana," anatero, "kuti uthenga wawo ndinaulandira."

M'mawa mwake pa mitingi, onse atalowa, Beira, Lusaka, Harare ndi Joni, ndinati ndili ndi mawu ochokera ku Soche. Ndinawanena monga mmene anandipatsira, osachotsa minga, osawonjezera kanthu. Mkulu wa ku Beira anatulutsa mpweya wautali.

"Oo, zikomo kwambiri," anatero abwana, mawu ali ofewa. "Mtima wanga wakhala pansi. Ndasangalala kuti unamufika."

Kenako anafunsa za makontena a feteleza amene anali atakanirira pa Mwanza, ndipo ine ndinayamba kuwawerengera.